Makolala a Alamu Anga

Pa mzere wathu tinkasoka maovolosi. Ovolosi sisokedwa ndi munthu mmodzi. Wina amalumikiza mapewa, wina n'kuika manja, wina kolala, ine matumba, wina zipi, mpaka ikafike pa tebulo la pazenera pomwe amaiyendera isanalowe m'katoni. Makolala ankasoka alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, ndipo mtolo ukachoka pa makina awo unkafikira kwa ine. Fakitale yonse inkawatcha Mayi Kolala. Ambiri a ife anatiphunzitsa ndi iwowo. Ineyo anachita kundigwira dzanja kubwera nane pa geti ndisakudziwa n'komwe kuti ulusi umalowera mbali iti ya singano.

Bwana amene tinali naye nthawi imeneyo tinkamutcha Chimphepo, chifukwa akalowa m'holo aliyense ankagwiritsa chimene ali nacho m'manja. Pafupi ndi chitseko anaikapo dengu lalikulu. Chovala chikapezeka ndi vuto ankachiponya mmenemo, ndipo belu lowerukira likalira ankachikweza m'mwamba n'kufunsa kuti, "Mwana uyu ndi wa yani?" Mwini wake ankanyamuka kukachitenga anthu onse akuyang'ana. Ukazolowera kupita kudengu, ulendo wotsatira unkakhala wa ku geti. Mnzathu wina anangodandaula kuti dzanja likumuwawa, Chimphepo n'kumuuza kuti akapume kunyumba. Mpaka lero akupumabe.

Kolala yoyamba yokhota inandifika chaka chimene denga la holo linayamba kudontha. Nsonga imodzi inali yaitali kuposa inzake, msoko utasiya njira n'kulowera m'tchire. Ndinaiyang'ana, n'kuyang'ana alamu. Iwo anali akusoka ngati kale, mutu uli weramu, akung'ung'udza nyimbo. Ndinati mwina sanagone bwino. Ndinatulutsa kalezala kanga, n'kumasula msokowo pansi pa tebulo, n'kuusokanso. Mawa lake kunabwera ina. Patapita miyezi zinali zoti mtolo uliwonse uli ndi yake.

Woyamba kundigwira anali Wazipi, amene ankakhala kutsogolo kwanga, mayi wa pakamwa ngati wailesi.

"Kodi iwe," anatero tsiku lina osatembenuka, "matumba a masiku ano akumasokedwa pakhosi?"

Ndinaganiza kuti akandinenera. Koma iye anangotambasulira dzanja kumbuyo, n'kutenga maovolosi ena pamtolo wanga. Kuyambira pamenepo tinali awiri. Kenako Wamapewa analowamo, kenako mzere wonse. Akapitawo nawonso ankadziwa, moti akafika pa makina anga ankayamba kuona zosangalatsa kudenga.

Alamu ankati vuto ndi mababu a magetsi. "Mababu a masiku ano ndi aulesi," ankatero, "komanso ulusi wakudawu akumaupanga wowonda." Ife tinkavomera kuti zoonadi, Mayi, ulusi waonda. Akapitawo anakwera ngakhale pa makwerero kukawasinthira babu lomwe linalibe vuto lililonse. Singano ankalowetsa ulusi ndi zala zokha, ndipo zala zawozo zinali zanzeru kwambiri moti mwini wakeyo sankadziwa kuti maso amusiya patali bwanji.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangowauza. Funsani, pakamwa mpanu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndani akanapita kwa munthu amene anamuphunzitsa kugwira sizasi n'kumuuza kuti ntchito yamukanika? Komanso mawu akatuluka m'kamwa sasankha khutu. Chimphepo akanangomva, alamu akanakapuma kunyumba, ali ndi zidzukulu zowayang'ana m'manja. Tinkaona ngati tikuchita zachikondi, ndipo chikondicho chinalipodi.

Chimphepo atasamutsidwa kunabwera wina, wamtali, wokonda kupinda manja a malaya. Uyu tinamutcha Bwana Moni, chifukwa m'mawa uliwonse ankayenda mzere ndi mzere kupereka moni, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankadikira yankho. Tsiku loyamba anatenga dengu lija n'kulipereka kwa wosesa kuti aziwoleramo tizidutswa ta nsalu. Anatsegulitsa mazenera omwe anamatidwa ndi penti kalekale. Analola wailesi. Chovala chikalakwika ankabwera nacho yekha pa makina ako, n'kukoka mpando, n'kufunsa ngati vuto ndi makina, nsalu kapena kutopa.

"Vuto likakhalapo ndiuzeni," ankatero. "Ndi bwino ndilimve kwa inu kusiyana n'kuti ndikalimve kwa kasitomala."

Ndisaname, ntchito inayamba kukoma. Anthu anasiya kukabisala kuchimbudzi. Makatoni ankadzaza belu lisanalire, ndipo m'mawa ndinkadzuka wopanda mwala uja unkakhala pachifuwa panga. Koma za alamu palibe anatsegula pakamwa. Botolo lomwe munali palafini, ngakhale ulitsuke chotani, sufulumira kuthiramo madzi akumwa. Tinkamwetulira bwana watsopano, malezala athu ali m'matumba.

Ndiye bambo amene ankayendera zovala pa tebulo la pazenera anapuma pa ntchito chifukwa cha ukalamba. Bwana Moni anaimitsa makina onse n'kuima pakati pa holo.

"Tebulo ili likufuna munthu amene ntchito yake imadzilankhulira," anatero. "Chibwerereni ine pano, pali munthu mmodzi yekha amene chovala chake sichinabwererepo. Ndafunsa ndipo ndamva kuti ngakhale kale zinali choncho. Mayi Kolala, imirirani."

Tinaomba m'manja. Tikanatani? Tinaomba mpaka zikhatho kuwawa, wina analiza ndi mluzu. Wazipi ankaomba uku akundinong'oneza kuti, "Walira mvula walira matope. Tinkalirira bwana woona ntchito ya munthu, ndi ameneyu watipeza." Pa ntchito zonse za m'fakitale muja, alamu anapatsidwa yokhayo yomwe ndi ya maso basi.

Poweruka anandikoleka mkono mpaka pa siteji ya basi. Ankayenda ngati mtsikana.

"Mlamu," anatero, "zaka zonsezi ndimati palibe amene amaona. Munthu umangosoka, kusoka, tsitsi n'kuyera uli pa makina. Kani alipo amene amaona."

"Alipo, alamu," ndinayankha, maso ali pa matayala a basi.

Kunyumba amuna anga anasangalala ngati akwezedwa ndi iwo. Anauza ana kuti azitengera azakhali awo, munthu wosalakwitsa. Ine ndinapita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale.

Pa tebulo la pazenera alamu ankagwira ntchito ndi mtima wonse. Ankayala chovala, n'kuyendetsa zala m'misoko yonse, ndipo pomwe ulusi wapanga mfundo kapena zipi yalumpha dzino sankaphonya. Akakhutira ankalemba kamzere ka choko m'kati mwa mpendero. Koma zala sizimva mtundu wa nsalu, sizimvanso dontho la mafuta a makina. Ndipo tsopano sankayendera za mzere wathu wokha. Za mzere winawo, womwe unkasoka makoti oyera komanso unali ndi atelala ongoyamba kumene, zinkadutsanso pomwepo.

Tinachita zomwe tinazolowera. Nthawi ya nkhomaliro tinkasinthana kulowa m'chipinda cholongedzera, kutsegula makatoni n'kuyenderanso zomwe alamu ayendera kale. Munthu wa njala sachedwa kupsa mtima. Wamapewa ndi Wazipi anakangana pa nkhani ya ndani walowa kambiri, mpaka anasiya kugawana tiyi. Wailesi inkalira koma palibe ankaimba nayo. Masana tinkasinza pa makina, zathu zomwe n'kuyamba kukhota. Makatoni anasiya kudzaza.

Bwana Moni anaona. Anabwera n'kukoka mpando pafupi nane.

"Mzere uno unali wosangalala," anatero. "Chachitika n'chiyani? Kodi ndine ndalakwitsa penapake?"

"Ayi bwana, ndi kutentha chabe."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kunyamuka. Mawa lake anatibweretsera fani ina. Ndinachita manyazi kwambiri ndi fani imeneyo.

Chobisa sichilephera kutuluka. Katoni ina inatipulumuka tsiku limene galimoto ya kasitomala inabwera msanga, ndipo sabata yotsatira inabwerera. Munali makoti oyera okhala ndi madontho a mafuta pamsana, ndi maovolosi omwe dzanja lina linali labuluu, lina lakuda. Bwana Moni sanakweze kanthu m'mwamba. Anangolowa nayo katoniyo mu ofesi. Chakumadzulo akapitawo anabwera pa mzere wathu akunamizira kuona lamba wa makina anga, ovolosi imodzi ili m'khwapa.

"Bwana aona choko cha Mayi," ananong'ona. "Akuti mawa m'mawa alankhula ndi Mayi. Ngati pali woti awauze, awauze lero. Ine ayi, mtima wanga ndi wofooka, ngakhale adokotala amadziwa."

Anasiya ovolosiyo pa tebulo langa. Mzere wonse unatembenukira kwa ine. Chibale chimakoma pa ukwati, koma pa zotere anzako onse amakumbukira msanga kuti iwo ndi anthu wamba.

Belu litalira ndinadikira kuti holo ichepe anthu. Alamu anali akupukuta tebulo lawo, chinthu chomwe ankachita tsiku lililonse ngati kuti ndi la pabalaza pawo. Ndinawayalira ovolosi ija.

"Alamu, tandionereni iyi."

Anaiyendetsa zala, n'kuikweza pafupi ndi nkhope, n'kuitembenuza. "Ilibe vuto. Yasokedwa bwino ndithu. Si iyi ndalemba kale choko?"

"Dzanja ili ndi labuluu. Ili ndi lakuda."

Anaseka pang'ono. Anapita nayo pazenera penipeni pomwe dzuwa linkalowa, n'kugundanitsa manja awiriwo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kuseka kuja kunatha.

"Ndi kuwala kwa madzulo," anatero, koma mawu anali atachepa.

"Si kuwala, alamu. Si mababu, si ulusi. Maso anu ndi amene akuvuta, ndipo ayamba kale. Makolala anu akhala akukhota. Ine ndimawamasula n'kuwasokanso."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chimene denga linayamba kudontha."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, ovolosi ili pamiyendo. Ndinkawaona akubwerera m'mbuyo m'mutu mwawo, chaka ndi chaka.

"Wadziwa ndiwe wekha?"

"Ndi Wazipi."

"Basi?"

"Ndi Wamapewa. Mzere wonse, alamu. Ndi akapitawo omwe."

"Mlonda wa pa geti yekha ndiye munamusiya?"

Koma naye mlondayo ankadziwa.

"Ndiye tsiku lija," anatero, "m'manja muja munkaombera yani?"

Ndinayamba kufotokoza za Chimphepo, za dengu, za zidzukulu, kuti tinkaopa angawachotse. Anakweza dzanja kuti ndisiye.

"Chimphepo anapita kale. Amene munkamuopa si Chimphepo, ndi ine. Munaona kuti n'kwapafupi kusoka kolala kawiri kusiyana n'kundiyang'ana kumaso. Ine ndinakuphunzitsa kuti chokhota umabweza, ngakhale chitasokedwa ndi mayi ako. Wakutsina khutu ndi mnansi. Inu munandisiya ndikuvina pakati pa bwalo nsalu itang'ambika kumbuyo, n'kumandiimbira."

Anapinda ovolosi ija bwinobwino, n'kuiika m'chikwama chawo. Ndinati ndiwaperekeze, anakana. Ndinawatsatira chapatali mpaka pa siteji, ndipo aka kanali koyamba kuona kuti basi iliyonse ikaima ankayamba afunsa munthu wapafupi kuti ikupita kuti. Tsiku lililonse ndinkakwera nawo, ndipo amene ankati "yathu ndi iyi" ndinali ine.

M'mawa sanadikire kuitanidwa. Analowa pa geti, n'kudutsa mzere wathu osapereka moni, n'kulunjika ku ofesi. Tinkawaona pa galasi akutulutsa ovolosi m'chikwama. Analankhula nthawi yaitali, Bwana Moni akungomvetsera, chibwano chili m'manja. Makina athu ankalira koma sindikukhulupirira kuti panasokedwa chanzeru.

Kenako bwana anatuluka yekha n'kubwera pa mzere wathu. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa.

"Munthu maso akutha pakati panu," anatero, "inu n'kumamusinthira babu?"

Akapitawo anayang'ana nsapato zawo. Anayankha ndi Wazipi, pakuti pakamwa pake sipadziwa tchuthi.

"Bwana, amene analipo inu musanabwere akanawachotsa tsiku lomwelo."

"Nanga ine?"

"Inu sitinakudziweni."

"Ndakhala nanu nthawi yonseyi. M'mawa uliwonse ndimakufunsani."

"Moni ndi moni, bwana. Timadikira tione tsiku limene munthu adzalephere zenizeni, kuti mudzatani."

Bwana Moni anapumira m'mwamba. "Ndiye tsikulo ndi lero," anatero. Kenako anapitiriza. "Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinakhalapo pa makina a aliyense wa inu chifukwa zanu zinkabwerera. Pa makina a Mayi sindinakhalepo. Ndinawakweza ndisanawaonepo akusoka."

Tsiku lomwelo galimoto ya kampani inawatengera ku chipatala cha maso. Zotsatira zake ndinazimva kwa amuna anga, chifukwa alamu anali atasiya kundilankhula. Diso lamanja analikonza, n'kuwapatsa magalasi okhuthala. Lamanzere adokotala anati linadikira nthawi yaitali, akanabwera msanga akanalipulumutsa. Amuna anga ananena zimenezi akuyang'ana khoma. Ndinalira kubafa, madzi ndikuwathira dala pansi kuti ana asamve.

Alamu atachira, Bwana Moni anawapatsa ntchito yopinda zovala, yopepuka, yosafuna maso ambiri, malipiro osasintha. Akapitawo ndi amene anatiuza kuti Mayi akana. Anati ntchito ya chisoni aidya yokwanira. Ankafuna makina awo akale, koma ndi pangano: kolala iliyonse yokhota ibwerere kwa iwo, ndipo zikachuluka adzanyamula okha chikwama popanda wowauza. Bwana anayesa kuwanyengerera, analephera. Amene anakanganapo ndi alamu anga akudziwa kuti n'kutaya malovu.

Anabwerera Lolemba. Anakhala pa makina awo, magalasi ali pamphuno, mutu atapendeketsa pang'ono kuti diso labwinolo litsogole. Kwa ine sanayang'aneko. Mtolo woyamba utandifika ndinaufufuza ngati ndikusaka nsabwe m'mutu mwa mwana. Makolala anali owongoka. Ankachedwa kusiyana ndi kale, koma anali owongoka, ndipo anali awoawo. Mtolo wachiwiri chimodzimodzi. Ndinayamba kupuma.

Chakumasana, dzuwa litachoka mbali yathu, inabwera yokhota. Nsonga yamanzere inali yaitali, msoko utatsetsereka m'mphepete. Sikunali kukhota kwakukulu. Kasitomala wa changu sakanaona n'komwe, ndipo ine ndikanaikonza nthawi yomwe munthu amamwera madzi. Ndinazindikira kuti kalezala kali kale m'dzanja langa, ovolosi ili kale pansi pa tebulo. Ndinaganiza za pangano lija. Ndikaibweza, ndiye kuti ndayamba ndine kuwerengera alamu anga njira ya ku geti.

Makina a Wazipi anasiya kulira. A Wamapewa nawonso. Palibe anatembenuka, koma misana yawo inkamvetsera.

Ndinaika kalezala pa tebulo n'kuimirira. Ndinayenda ngati ndikupita kudengu la Chimphepo.

"Alamu, iyi yakhota."

Anamaliza kaye msoko womwe anali nawo, n'kudula ulusi. Anatenga ovolosiyo, n'kuikweza ku diso lamanja, n'kulinganiza nsonga ziwirizo. Anaziyang'ana nthawi yaitali, milomo italumana.

"Yakhotadi," anatero. "Kani ndi mmene zinkakhalira?"

"Zina zinkaposa pamenepa."

Anakweza mutu n'kundiyang'ana. Chiyambire tsiku la pazenera lija anali asanandiyang'anepo kumaso. Kuseri kwa magalasi diso limodzi linali lalikulu, lonyowa, likundiona bwinobwino. Linalo linkangoyang'ana kumbali kwanga.

"Uzibwera nayo iliyonse," anatero. "Ukadzabisanso imodzi, ine ndi iwe chibale chatha."

Anatsegula kabati ya makina awo, n'kufufuza, n'kutseka. Munalibe lezala. Zaka zonsezo anali asanalifunepo. Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, ine n'kupita kukawatengera langa.